Samu yogawa yandimasukira tchuthi chino

Makolo anzanga amene ana anu akulowa Sitandade 5 mu Seputembala, mtima wanga wapepuka ndipo sindingathe kuzisunga ndekha. Za matebulo sindinenapo, tonse tikudziwa kuti mwana wopanda tebulo la 2 mpaka 9 m'mutu sangapite patali. Ndikunena za samu yogawa yaitali ija, yokhala ndi kanyumba, imene ambirife tinailoweza pamtima: gawa, chulukitsa, chotsera, tsitsa. Ine mayeso a Sitandade 8 ndinakhoza ndi mawu anayi amenewo. Koma tchuthi chino mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti, "Amayi, nanga nambala imeneyi tikuitsitsiranji?" Funso limeneli linandisowetsa tulo, mpaka ndinaona kuti nkhani yonse ndi kusintha ndalama basi.

Taonani. Pali K752, anthu ndi anayi. Sitiyamba ndi kuganiza za 752 yonse ayi. Timayamba ndi ndalama zikuluzikulu, ma K100 asanu ndi awiri. Aliyense walandira imodzi, atatu atsala m'manja. Atatuwa sangakwane anthu anayi, ndiye mukatani? Mupita pa okala kukasinthitsa, akupatsani ma K10 okwana 30. Komatu ma K10 asanu analipo kale, ndiye onse pamodzi ndi 35. Apa ndi pamene ndinadzidzimuka. Kutsitsa 5 uja kuti akhale pambali pa 3 si matsenga a papepala, ndi mateni 30 amene mwasinthitsa kukumana ndi mateni 5 amene amadikira. Aliyense alandira 8, atsala 3, musinthitsanso, mawani 30 ndi 2 uja ndi 32, aliyense 8. Yankho 188. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba 35 pansi pa mzere, lero ndi pamene ndamuona kumene wachokera.

Ma K10 ndi ma K1 achitsulo masiku ano sawonekawoneka, choncho tinadula katoni ya sopo. Tidutswa tikulutikulu ndi mahandiredi, tapakati ndi mateni, zitsekerero za mabotolo ndi mawani. Mbale zinayi pamkeka ndiwo anthu, ineyo ndine mwini okala, ndipo sindisintha ndalama mwana asananene chifukwa chake.

Pamene njirayi inandigwira mtima kwambiri ndi pa 824 kugawa ndi 4. Ana ambiri amalemba 26, amataya ziro wapakati. Ndi katoni zimenezo sizingachitike. Mahandiredi 8, mbale iliyonse awiri. Mateni alipo awiri okha, mbale ndi zinayi, palibe mbale yolandira teni. Mwanayo anayang'ana m'mbale n'kunena yekha kuti, "Apa palibe wapeza." Ndinangomuuza kuti lemba zimene wanenazo. Analemba 0, anasinthitsa mateni awiri aja, mawani 24, mbale iliyonse 6. Ndi 206. Ndiponso akaona 26 tsopano amaseka, akuti munthu angagawane bwanji K800 ndi anzake atatu n'kupita kwawo ndi K26.

Kunena zoona, ine ndikuona kuti katoni imeneyi iposa mabuku a mafunso amene timagula m'tauni, iposanso patitaimu amene makolo timalipira tchuthi chilichonse. Kuchotsera kobwereka kumalowa momwemo, kuphatikiza kosungira kumalowanso momwemo. Ndikadakhala ndi mphamvu, mwana aliyense sakadaloledwa kujambula kanyumba kaja asanagawe ndalama m'mbale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'kope mwa mwana wangayu mwadzaza zizindikiro zofiira, zokhoza ndi zolakwa, koma palibe pamene wina anaima n'kumufunsa kuti waganiza bwanji. Ndikudziwa, chiyambire sukulu yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza, mphunzitsi mmodzi sangazungulire ana onse aja ndi mbale ndi zitsekerero belu lisanalire. Komabe ngakhale kamodzi kokha patemu, kutsogolo kwa kalasi, ndi ana anayi oimirira? Sizifuna ndalama izi. Ndipo ku Sitandade 5 zinthu zimathamanga, mafunso a mawu amabwera m'Chingerezi, mwana akulimbana ndi chiyankhulo uku samuyo sanaimvetse n'komwe. Mayeso a MANEB amaoneka ngati ali kutali, koma kuchokera pano ndi makalasi anayi okha.

Nthawi nayo ikundipereŵera. Ndimafika kunyumba dzuwa litapendeka, kuphika, kutsuka, magetsi akazima ndiye basi tagona. Agogo ake akumuitananso kumudzi sukulu zisanatsegulidwe, ndipo sindingamukanize, mwana ayenera kusewera ndi asuweni ake.

Pali zina zimene sindinazione bwino. Wogawira akakhala wa manambala awiri, monga 23, mbale 23 sindingaziyale pamkeka, ndipo sindikudziwa ngati chithunzi cha okala chidzakhalabe m'mutu mwake katoni ikachoka. Dzulo ndinamupatsa samu popanda mbale, ina anakhoza msanga, ina anakhala nayo nthawi yaitali akuyang'ana kudenga, milomo ikugwedera. Kaya amasinthitsa ndalama mumtima kaya anangosokonezeka, sindinafune kumudula. Mafulakishoni nawo akubwera, ndipo sindinapezebe m'mene ndingadulire chitsekerero cha botolo patatu.