Kusungunula kiristalo wa timikanda pansi pa maikulosikopu

Ayezi akamasungunuka palibe amene angaone molekyu iliyonse mmene ikuchokera pamalo pake. N'chifukwa chake mu labu ndinagwiritsa ntchito timikanda ta pulasitiki toikidwa m'madzi, tomwe akatswiri amati colloid. Kamkanda kamodzi n'kotambalala mamaikulomita 4.5 (mamaikulomita 1,000 ndiwo milimita imodzi), kakakulu moti kamera imakaona bwinobwino, komanso kakang'ono moti mamolekyu a madzi amakakankha uku ndi uku osapuma. Njira yomwe ndinatsata ndi ya Zahn, Lenke ndi Maret, yomwe anaifalitsa mu 1999.

Choyamba ndi dontho. Madzi amalendewera kunsi kwa galasi, ndipo timikanda, pokhala tolemera kuposa madziwo, timatsikira pansi pa dontho pomwe madzi akumana ndi mpweya n'kuyalana mulingo umodzi, popanda kena pamwamba pa kanzake. Apa ndi pomwe pamadya nthawi. Dontho likatupa, timikanda timaunjikana pakati; likaphwa, timathawira m'mbali. Jekeseni yoyendetsedwa ndi kompyuta imawonjezera kapena kuchotsa madzi pang'onopang'ono kuti pansipo pakhale see, ndipo ine yanga inali kudikira masiku ambiri mpaka chiwerengero cha timikanda pa kamera chitasiya kusinthasintha. Wopupuluma pamenepa amayeza dontho lopendekeka, osati kusungunuka.

Moto sulowapo ayi. M'kati mwa timikandato muli tizidutswa ta chitsulo, ndiye ndikayatsa magetsi m'makoyilo ozungulira dontho, kamkanda kalikonse kamasanduka kamaginito ndipo timakankhana. Mphamvu ya maginito ikakwera timafola ngati zibowo za chisa cha njuchi, kalikonse n'kukhala ndi anansi 6. Ameneyo ndiye kiristalo. Kutsitsa mphamvuyo kuli ngati kutenthetsa, chifukwa kugwedezeka kwa m'madzi kumayamba kupambana kukankhanako. Ndinkatsitsa pang'ono, n'kudikira kuti zikhazikike, n'kujambula, kenako n'kutsitsanso.

Zithunzi zikakwana, maso ndimawaika pambali. Pulogalamu ya trackpy, yomwe imatsata njira ya Crocker ndi Grier ya mu 1996, imapeza pakati pa kamkanda kalikonse. Kenako ndimajambula malire a Voronoi, omwe amapatsa kamkanda kalikonse dera loyandikira kwambiri kwa iko, kuti ndidziwe mnansi wa yani ndi ndani, n'kupaka mitundu: ta anansi 5 tofiira, ta anansi 7 tobiriwira, ta anansi 6 n'kutisiya toyera.

Pamenepo m'pomwe chiphunzitso cha Kosterlitz, Thouless, Halperin, Nelson ndi Young chofotokoza mmene kiristalo wafulati amasungunukira, chomwe anachilemba pakati pa 1973 ndi 1979, chinayamba kuoneka ndi maso. Kiristalo akadali wolimba, sikirini imakhala yoyera, kungoti apa ndi apo pamatulukira kagulu ka timikanda tinayi, tiwiri tofiira ndi tiwiri tobiriwira, n'kuzimiririka posachedwa. Musakomedwe nato, timagulu toteret'i sitinawononge kanthu. Koma nditatsitsa maginito kufika pena pake, kagulu kena kanagawanika. Kofiira kamodzi ndi kobiriwira kamodzi, togwirana, tinayamba kuyenda patokha. Awiriwa ndiwo dislocation, ndipo mukatsata mizere ya timikanda ndi chala mupeza mzere umodzi wathera pomwepo, wopanda kopitirira. Zoterezi zikachuluka, simungathenso kulosera malo a kamkanda kakutali powerenga mizere.

Chodabwitsa n'chakuti mizereyo imalozabe mbali zomwe zija. Kamkanda ka kumanzere kwa sikirini ndi ka kumanja tasokonekera malo, koma anansi ake akuzungulira moyang'ana kofanana. Gawo limeneli Halperin ndi Nelson analitcha hexatic. Si cholimba, si madzi wamba. Nditatsitsanso maginito pang'ono chabe, kofiira ndi kobiriwira tinasiyana, kalikonse n'kumayenda kokha, ndipo kuloza kuja kunatheratu. Ayezi amasungunuka kamodzi. Kiristalo wafulatiyu amasungunuka kawiri.

Komabe mitundu si umboni. Pa kamkanda kalikonse ndimayeza ngodya ya mzere wopita kwa mnansi aliyense, n'kuichulukitsa ka 6, popeza kutembenuza kiristaloyu madigiri 60 sikusintha kanthu. Ndiye ndimayerekeza timikanda totalikirana mosiyanasiyana. Mwa kiristalo kugwirizana kwake sikutsika ngakhale patalike. Mu hexatic kumatsika pang'onopang'ono, ndipo pa girafu ya log-log (yomwe mbali zake zonse ziwiri zimakwera mochulukitsa, monga 1, 10, 100) kumapanga mzere wowongoka; chiphunzitsocho chimati kupendekeka kwa mzerewo kukafika pa 1/4, hexatic yatha. M'madzi kumagwa msanga. Vuto n'lakuti hexatic imakhala m'kampata kochepa kwambiri, ndipo kamera imaona timikanda zikwi zochepa chabe. Pamalo ochepa chonchi hexatic imatha kuoneka ngati kiristalo. Ine ndinkagawa chithunzi m'zigawo za kukula kosiyanasiyana n'kuona ngati yankho likusintha, komanso ndinkayerekeza kamkanda kamodzi komweko pa nthawi zosiyana. Njira ziwirizi zikapanda kugwirizana, ndinkabwereza kujambula.

Zomwe ndinaonazi ndi za timikanda tokankhana chapatali. Tolimba tongogundana timachita zina. Mu 2011 Bernard ndi Krauth, poyesa pa kompyuta tizimbale toposa miliyoni imodzi, anapeza kuti hexatic ilipo ndithu, koma kuchoka pa iyo kupita kumadzi n'kodumpha: magawo awiriwa amakhalira limodzi tizimbale tikadzaza pakati pa 0.700 ndi 0.716 ya malo onse, ndipo kiristalo amayamba cha pa 0.720. Mu 2017 gulu la Dullens ku Oxford linaziona zomwezo ndi timikanda tenitweni. Iwo sanavutike ndi maginito. Anangopendeketsa galasi pang'ono kuti timikanda tithithikane kumunsi n'kumamasuka chokwera, moti kiristalo, hexatic ndi madzi zinaoneka motsatana pagalasi limodzi.