Mbale zonong'onezana zandiyalutsa kwa apongozi

Apongozi anga aakazi anabwera kuno ku Joni kudzaona chidzukulu, ndiye Loweruka lina madamu akuti tiyeni tikawayendetse ku myuziyamu ya sayansi. Ine m'mutu mwanga munali zija za ku Karonga, mafupa a Malawisaurus, umangoyang'ana manja kumbuyo. Koma kumeneku ayi ndithu, chilichonse akuti gwira, dina, pukusa, ana ali balalabalala phokoso lokhalokha.

Poyamba anatitengera pa chimpira china chachitsulo chotchedwa Van de Graaff, dzina la mkulu wa ku America amene anachipanga mu 1929. Mkati muli lamba wa labala amene amazungulira n'kumaunjika magetsi pampirapo, iwe umaima pa kampando kapulasitiki kuti magetsiwo asathawire pansi, ukagwira basi tsitsi lonse njoo, poti lililonse latenga magetsi ofanana ndiye likukankhana lokhalokha. Mwana wanga akuti adadi pitani inunso. Ine wadazi ngati ine? Ndinaimapo ndithu, panalibe choima, anthu anaseka, zinatha. Ndinkaona ngati manyazi a tsikulo ndi omwewo.

Tsono mukudziwa mwambo wathu, mkamwini sakhala mophatikana ndi apongozi. Chibwerereni ine ndimayankhula nawo kudzera mwa madamu, iwo akakhala pabalaza ine ndili kukhitchini. Kumyuziyamu kujanso chimodzimodzi, iwo akalowera uku ine ndi alamu anga tikulowera uko, mpaka tinakafika kumapeto kwenikweni kwa holo pomwe panali chimbale chachikulu choimika, kutalika kundiposa, kutsogolo kwake kuli karing'i kachitsulo. Chikwangwani chinalipo koma ndani amawerenga zikwangwani atatopa.

Ndinayang'ana, apongozi ali kutaliii kumapeto enawo, akhala pakampando akupumitsa miyendo, pakati pathu ana asukulu gulu. Ndinati apa ndiye pabwino. Ndinatsamira karing'i kaja n'kuyamba kunong'oneza alamu.

"Alamu, tanenani zoona, mayi anuwa abwerera liti? Rimoti sindikuionanso, TV ndi mapemphero kuyambira m'mawa, mpira ndikukaonera kwa aneba. Ufa wa kuno akuti sukoma, nyama akuti yazizira kwambiri koma mbale ikubwerera yoyera. Nanga mkonono usiku, alamu, mkonono!"

Alamu akuseka chogwira pakamwa. Kenako ndinangomva mawu m'khutu mwenimwenimu, apansipansi, odekha bwino:

"Lachinayi, apongozi. Tikiti ndi imene ikuchedwa."

Ndinatembenuka, palibe munthu. Kuyang'ana kumwamba, palibe sipika. Thukuta linayambira padazi pomwe kutsikira m'kolala. Kuponya maso kutali kuja, ndi pomwe ndinaona kuti kampando ka apongozi kali kutsogolo kwa chimbale china chofanana ndendende ndi changachi, zayang'anizana, iwo mutu uli pa karing'i kawo, akundibayibitsa ndi kampango.

Mnyamata wofotokozera alendo anabwera akumwetulira, Chichewa samva, iye akuona ngati banja likuphunzira sayansi mosangalala. Akuti mbalezi n'zopindika mofanana ndi dishi ya DStv, ukayankhulira pa ring'i mawu amagunda mbale n'kuyenda molunjika osamwazika, mbale inayo imawawola n'kuwasonkhanitsa pa ring'i yake, n'chifukwa chake anthu apakati samva kanthu koma wakutaliyo amamva ngati wamuyandikira. Anawonjezanso kuti mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti nkhani ya mkonono ija inafika ine ndisanatseke n'kukamwa komwe. Akuti ku London mu tchalitchi cha St Paul's mulinso malo oti ukanong'oneza kukhoma wina amamva mbali inayo. Ine za London zinandikhudza chani nthawi imeneyo, ndimafuna pansi patang'ambika.

Ndiye mnyamata uja akuti yankhani bambo, akudikira. Ndinawerama, mawu akunjenjemera, "Pepani amayi, timangoyesa makinawa."

"Akugwira bwino ntchito," anatero. "Musachokepo, ndili ndi mawu."

Abale, munthu amene sitinayankhulanepo maso ndi maso chikwatirire mwana wake anapeza foni yaulere. Anayamba bulangete la ku China Mall lomwe ndinalonjeza chaka chatha, anabwera pa malata a khitchini yakumudzi, anafika pa fetereza, mpaka dazi langa analitchula, akuti n'chifukwa choganizira anthu zoipa. Ine ndangoima mutu uli mu ring'i, "inde amayi, chabwino amayi", kumbuyo kwanga ana apanga mzere akudikira nawonso ayese, alamu agwa pansi ndi phwete, madamu ali pakati pa holo sakumva chilichonse akungotijambula pafoni, akuti koma lero amuna anga agwirizana ndi amayi.

Mgalimoto pobwerera munali zii, mwana yekha ndi amene ankafunsa kuti agogo mkonono n'chani. Tikiti ndinagula Lolemba, mabulangete awiri pamwamba. Lachinayi litakwana apongozi anauza madamu kuti akasinthitse deti, miyendo sinapole, komanso akufuna tikapitenso kuja kuli mbale, pali zina anaiwala kundiuza.