Game Boy ya amalume inaliranso

Ndinaipeza pansi pa sutukesi ya amayi, pamodzi ndi zithunzi zakale: Game Boy yotuwa ija, kachipangizo ka m'manja kosewerera magemu, mtundu woyambirira umene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1989, imene amalume anatigulira ku Joni ife tidakali kupulayimale. Kaseti ya Tetris, gemu yosanja timiyala togwa kuchokera pamwamba, inali momwemo. Nditatsegula kachitseko ka mabatire mtima unangoti myu. Mabatire anayi aja anakhalamo zaka zonsezi, ndipo anataya madzi n'kusiya zoyera ngati mchere pa tizitsulo tonse.

Zoyerazo si dzimbiri wamba. Ndi mankhwala a m'batire a mtundu wa alkaline, n'chifukwa chake viniga amawasungunula. Koma kuti nditsuke bwino ndinayenera kuiphwasula, ndipo apa ndi pamene panandichedwetsa masiku awiri. Masikulu asanu ndi limodzi a kumbuyo ali ndi mutu wa nthambi zitatu, ngati chilembo cha Y. Sikuludalaiva wamba amangoterereka, ukakakamiza n'kudya mutu wa sikulu. Mnzanga wokonza mafoni kumsika anandibwereka kabokosi ka zida zake. Kasikuludalaiva ka Y kotsegulira iPhone kanachepa. Kamene kanagwira ndi kokulirapo.

Pogawa Game Boy pakati osakoka ngati ukusenda nthochi. Mbali ziwirizo zimalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala, ndipo umakasolola pang'onopang'ono, molunjika. Tizitsulo ta mabatire tina timatuluka ukatikankha kuchokera m'kati. Timeneto ndinatiponya m'kapu ya viniga, n'kumaonerera tikuchita thovu. Tiwiri towotchereredwa ku bolodi ndinatipukuta ndi thonje ndi mswachi wakale, kenako sipiriti kuti viniga asatsalire, chifukwa nayenso amadya chitsulo. Timphira ta pansi pa mabatani ndinatitsuka ndi sopo n'kutiyanika.

Mabatire atsopano, swichi, kagetsi kofiira kanayaka. Koma m'malo mwa dzina la Nintendo limene limatsika ukangoyatsa, pa sikirini panatsika zinthu zosawerengeka. Kale tinkangouzira kaseti ndi pakamwa. Ndimaona kuti malovu athu aja ndi amene anadetsa timano take. Nditapukuta ndi thonje la sipiriti, dzina linatsika bwinobwino, n'kumveka kabelu kaja, "ding!" Mwana wanga anadabwa kuona bambo wamkulu akuseka yekha.

Panatsala mizere. Kumanzere kwa sikirini kunali mizere yoimirira isanu ndi iwiri yopanda kanthu, malo enieni amene mumagwera timiyala ta Tetris. Ndi matenda odziwika a Game Boy zakale: kalamba kabulauni ka m'munsi mwa sikirini kamamatuka ndi ukalamba. Mankhwala ake ndi oopsa kumva. Umachotsa kamphira kophimba kalambako, kuyatsa gemu ili chiphwasulire, kupotokola kagudumu ka m'mbali mpaka sikirini yonse ide, ndiye n'kumayendetsa nsonga ya soldering iron, chitsulo chotentha chowotcherera mawaya, pa kalamba, pansi penipeni pa mizere yosowayo. Osadinikiza, osaima malo amodzi.

Manja ankanjenjemera. Nditangokhudza, mizere inachuluka m'malo mochepa, ndipo ndinati basi, ndapha chuma cha amalume. Koma pamene kalamba kankazizira, inayamba kubwerera umodziumodzi. Ndinabwereza kanayi. Pa ulendo wachitatu magetsi anathima, ndinadikira mpaka madzulo tebulo lili mbwee ndi masikulu, ndikuthamangitsa aliyense wofuna kuikapo mbale. Mwayi wanga unali woti mizereyo inali yoimirira. Yopingasa imachokera ku kalamba kena ka m'mbali, kovuta kwambiri kukonza.

Mzere umodzi, wakumphepete kwenikweni, unakana kubwerera. Ndinausiya, sindinafune kuputa zina. Nditamanga zonse sikulu imodzi inatsala m'mbale, ndipo mpaka lero malo ake sindinawapeze. Mwana wanga anasewera mphindi zisanu, n'kufunsa kuti, "Adadi, bwanji sikuwala mumdima?" Ndinamusunthira pafupi ndi windo, monga ankatichitira amalume.