Momwe tinayambira kugulitsa makina ometera ndevu ku Ndirande

Bizinesi yathu inayamba mu 2017 ngati malo ometera tsitsi, kachipinda ka mpando umodzi ndi galasi limodzi pafupi ndi msika wa Ndirande mumzinda wa Blantyre. Mpamba wake unachokera ku banki m'khonde komwe mayi a kunyumba ankasonkha, ndipo pa nthawiyo zogulitsa makina sitinkaziganizira n'komwe, popeza tinkaona ngati munthu aliyense wogula makina akeake ndi kasitomala amene watithawa. Amene anatisintha maganizo ndi abambo omwe ankafika m'mamawa tisanamalize n'kusesa komwe: alonda a m'makampani, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mahotela ndi m'mabanki, omwe mabwana awo amafuna kuti chibwano chizikhala choyera tsiku ndi tsiku. Kulipira wometa m'mawa uliwonse sakanakwanitsa, pomwe lezala lomwe ankametera kunyumba linkawasiya ndi ziphuphu khosi lonse. Iwowa ndi amene anayamba kutipempha kuti tiwapezere timakina ta magetsi totsika mtengo, ndipo pofika mu 2019 tinali titakhomera shelefu pambali pa galasi n'kuikapo timabokosi toyamba.

Wogula akafika amangoti akufuna makina ometera ndevu, koma pa shelefu pali mitundu itatu yomwe kametedwe kake n'kosiyana kwambiri. Woyamba ndi wa kachitsulo kopyapyala kokhala ndi timabowo tambirimbiri, komwe pa bokosi amalemba kuti foil, ndipo kunsi kwake kumakhala timipeni toyenda uku ndi uku todula ndevu iliyonse yomwe yalowa pa kabowo. Makina amtunduwu anatchuka ndi kampani ya Braun ya ku Germany kuyambira mu 1950. Wachiwiri ndi wa mitu yozungulira, iwiri kapena itatu, womwe kampani ya Philips inayamba kupanga ku Eindhoven m'dziko la Netherlands mu 1939, patangopita zaka zochepa Jacob Schick atayamba kugulitsa makina ake ometera ndevu ku America mu 1931. Wachitatu ndi wa mano, womwe ndi mng'ono wake wa makina omwe ife ometa timagwiritsa ntchito, ochokera ku luso la Leo Wahl lomwe linalembetsedwa mu 1921. Mitundu iwiri yoyambayo imameta mpaka pafupifupi pa khungu penipeni, pomwe wa mano umasiya kachitsa kakang'ono kosafika milimita imodzi.

Kachitsa kameneka ndi komwe bizinesi yathu yakhazikikapo. Ndevu za abambo ambiri kuno kwathu n'zopotana, ndipo ndevu yopotana ikadulidwa pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka munthu akamakoka khungulo pometa, nsonga yake imatsala yakuthwa ndipo pomera imapindika ngati mbedza n'kubaya khungu lomwelo. Thupi limalimbana nayo monga chinthu chachilendo, malowo amatupa, nthawi zina amachita mafinya, ndipo munthu akapitiriza kumeta pamwamba pake zimasiya zipsera zakuda zomwe zimatenga miyezi kuti zizilale. Chifukwa cha ichi, funso lathu loyamba kwa wogula silikhala la ndalama zomwe wabweretsa, koma timamupempha kuti akweze chibwano tione khosi lake.

Bambo wina wa ntchito ya ulonda anabwera atatsimikiza mtima kuti agula makina a foil a mitu iwiri, onyezimira ngati golide, omwe anawaona ndi mnzake wa kuntchito. Nditamukhazika pa mpando n'kuyatsa getsi la pa galasi, ndinaona kuti kunsi kwa nsagwada zake kunali ziphuphu zolimba zondondozana, ndipo mu zina munkaoneka kandevu kakuda katadzipinda mkati mwa khungu. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, makina mukufunawa ndi abwino ndithu, koma pa khosi ili akuwonjezerani mavuto. Tengani awa a mano, muzimeta motsatira komwe ndevu zagonera, ndipo m'khosimu muyambe mwasiya kwa masabata atatu kapena anayi kuti mupole." Iye anadandaula kuti, "Nanga abwana akaona ndevu pa pareti m'mawa ndikawauza chiyani?" Ndinamumeta tsaya limodzi lokha ndi makina a manowo n'kumuuza kuti aime pakhomo adziyang'ane pa galasi ali chapatali, ndipo iye mwini anavomereza kuti munthu woima patsogolo pake sangaone kusiyana. Makina omwe anatenga anali otsika mtengo kuposa omwe anadzera, kotero phindu lathu tsiku limenelo linachepa, koma anzake a kuntchito omwe anabwera pambuyo pake anatumizidwa ndi iyeyo.

Sindikunena kuti makina a foil kapena ozungulira alibe ntchito. Munthu amene khungu lake silivuta ndipo amameta tsiku lililonse amapindula nawo, chifukwa ndevu za tsiku limodzi zimakhala zazifupi ndi zoongoka mokwanira kulowa m'timabowo. Vuto limabwera kwa amene amadumphitsa masiku atatu kapena anayi, popeza ndevu zikatalika zimagona pa khungu, makinawo amangodutsa pamwamba, ndipo mwiniwake amayamba kukanikiza ndi kubwerezabwereza malo amodzi mpaka khungu kutentha. Wotereyu timamulangiza kuti atenge makina a foil okhala ndi timano totulukira kumbuyo, kuti aziyamba wafupikitsa ndevu asanasalaze. Pa makina otsika mtengo, ine ndimakonda a foil kuposa ozungulira, chifukwa mitu yozungulira imafuna kusulidwa mwaluso kwambiri ndipo yotchipa imakonda kuzula ndevu m'malo modula, ngakhale kuti ili ndi ubwino wosachita phokoso komanso wotsatira bwino mokhotakhota mwa chibwano.

Funso lachiwiri ndi la magetsi, ndipo limeneli linakula mu Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Makina a chingwe, omwe kale ankayenda malonda chifukwa ndi amphamvu ndiponso okhalitsa, anangokhala pa shelefu, popeza palibe amene ankafuna kupita kuntchito atameta tsaya limodzi. Kuyambira nthawi imeneyo timaoda a batire okhaokha, koma mabatire nawonso si ofanana. Akale, olembedwa kuti NiMH, amafuna kutchajidwa maola pafupifupi 8 kuti amete kwa mphindi 30 kapena 40, zomwe n'zosathandiza m'dera lomwe magetsi amabwera usiku n'kuthima m'bandakucha. A lithium amadzaza mu ola limodzi kapena awiri ndipo sataya moto msanga akangokhala. Chomwe timachiyang'ana kwambiri ndi pobayira chingwe: makina otchajira pa USB amalandira ma voti 5 ngati foni, motero munthu atha kuwadzaza ndi tchaja ya foni, ndi power bank kapena ndi sola yaing'ono ya kumudzi, ndipo chingwe chikatayika amagula china pa benchi iliyonse mumsika. Makina okhala ndi tchaja yawoyawo ya kabowo kachilendo timawapewa, chifukwa tchajayo ikapsa makina onse atha ntchito ngakhale ali abwinobwino.

Pali chinthu china chomwe chimawapweteka anthu omwe ali ndi abale kunja. Magetsi athu ndi a ma voti 230 pa 50 Hz, pomwe a ku America ndi a ma voti 120 pa 60 Hz, ndipo makina a chingwe opangidwira kumeneko akabayidwa pa soketi ya kuno amalira mokweza, kutentha n'kupsa. Atibweretserapo angapo otere kuti tikonze, ali atsopano m'bokosi lawo, koma waya wa mkati akapsa palibe chochita. Musanabaye makina aliwonse a mphatso, werengani timalemba ta pa tchaja, ndipo ngati palembedwa kuti 100-240V ndiye kuti vuto latsala ndi la pulagi lokha, lomwe adaputala imathetsa.

Nkhani ya mtengo inasintha kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina enieni a Philips kapena Braun, ngakhale a pansi penipeni pa mndandanda wawo, anakwera kufika poti mlonda kapena mphunzitsi wa pulayimale sangawaganizire, ndipo ife tinasiya kuwasunga pa shelefu, timangowaitanitsa munthu akapereka ndalama ya chikole. Omwe amayenda tsiku ndi tsiku ndi a ku China monga Kemei ndi VGR, omwe ena timaoda m'mashopu a ku Limbe, ena amatibweretsera amalonda opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Amenewa sindichita nawo manyazi, chifukwa amagulitsidwa ndi dzina lawolawo ndipo wogula amadziwa chomwe akugula. Omwe sitilola kuti alowe m'shopu mwathu ndi achinyengo, olembedwa dzina la kampani yotchuka koma pa mtengo wosamveka, popeza wopanga amene wayamba ndi kunama pa dzina sangakuuzeni zoona pa batire.

Popeza bokosi limalonjeza zambiri, tinakhazikitsa lamulo loti makina aliwonse atsegulidwe ndi kuyesedwa asanakwere pa shelefu. Mayi a kunyumba ndi amene amagwira ntchito imeneyi madzulo tikatseka. Amawatchaja mpaka kudzaza, kuwayatsa n'kuwasiya akulira pa thaulo kwinaku akuyang'ana wotchi, ndipo omwe athima asanakwanitse theka la ola amawaika pambali. Kenako amachotsa mutu n'kuyang'anitsa foil ku getsi kuti aone ngati pali kabowo kong'ambika, chifukwa kamphepete kamodzi kotukuka kamacheka tsaya. Pomaliza amakanikiza makinawo pang'ono pa ubweya wa pa mkono wanga akumvetsera kulira kwa mota: mota yabwino imasunga liwu lake, pomwe yofooka imatsitsa mawu ikangokumana ndi tsitsi, ndipo imeneyo ndi yomwe imadzazula ndevu za munthu. Wogulitsa wina wa hoselo anatipatsira katoni yomwe mabatire ake analembedwa mphamvu yaikulu koma ankatha mu mphindi zosakwana 15, ndipo titabweza anakana kulandira ponena kuti tatsegula mabokosi. Katunduyo tinamuphwasula n'kusunga mitu ndi timipeni ngati zosinthira, ndipo kwa bamboyo sitinabwererenso.

Zosinthirazo ndi funso lachitatu, lomwe ogula ambiri saliganizira pa tsiku logula. Foil ndi timipeni zimatha. A Braun amalangiza kusintha pakatha miyezi 18, a Philips amati mitu yawo isinthidwe pakatha zaka ziwiri, ndipo pa makina otchipa nthawiyo imafupika, makamaka pa ndevu zolimba. Makina omwe mutu wake supezeka pamsika ndi otaya foil ikangobooka, choncho timasankha mitundu yochepa yomwe tikudziwa kuti mitu yake tiipeza, m'malo modzaza shelefu ndi mitundu khumi yokongola. Apanso makina a mano ali ndi mwayi, chifukwa mano ake ndi chitsulo chokhuthala chomwe chimamasulidwa ndi sikuludiraiva, kutsukidwa, kunoledwa pa mwala n'kubwezeretsedwa, ndipo ntchito imeneyi timawachitira ogula athu pa mtengo wochepa.

Aliyense wogula timamuonetsa kasamalidwe asanatuluke pakhomo. Akamaliza kumeta achotse mutu n'kukuntha tsitsi, apukute timipeni ndi kaburashi koma foil asaikhudze ndi burashi chifukwa imabooka, ndipo kamodzi pa sabata adonthezere dontho la mafuta a makina osokera, osati mafuta ophikira omwe amauma n'kumata mano. Kutsuka pa mpopi n'kololedwa pokhapokha ngati pa makinapo palembedwa kuti ndi otsukika ndi madzi kapena kuti IPX7, chizindikiro chosonyeza kuti amapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Timanenetsanso kuti makina a ndevu sabwerekana, ngakhale pa chibale, chifukwa chipere chimayenda ndi mano a makina, ndipo matenda a chiwindi a hepatitis B amatha kufala kudzera m'timagazi tosaoneka ndi maso. Sipiriti amathandiza pa ukhondo wa tsiku ndi tsiku, koma sindingamuuze munthu kuti akapopera sipiriti ndiye kuti wapha chilichonse.

Mantha athu oyamba, oti kugulitsa makina kupha malo ometera, sanapherezere. Amene amameta ndevu kunyumba amabwerabe kudzameta tsitsi, ndipo pobwerapo amanyamula makina awo kuti tiwathire mafuta kapena kuwanola. Lero mipando ilipo iwiri, tinalemba mnyamata wothandiza, ndipo maoda ena amabwera pa WhatsApp kuchokera ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje, ndalama n'kutumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kukwera minibasi. Kwa oterewa timapempha chithunzi cha khosi tisanatumize kanthu. Aliyense timamulembera lisiti ndi kumupatsa masiku 14 oti abweze makina ngati batire kapena mota yavuta, ndipo omwe ndalama zawaperewera amalipira pang'onopang'ono n'kutenga katundu akamaliza. Chomwe chikutisowetsa mtendere panopa ndi mabatire a makina omwe tinagulitsa mu 2022, omwe ayamba kufooka pomwe mota ndi mano zikadali zabwino, choncho mnyamata wathu akuphunzira kwa wokonza mafoni woyandikana nafe momwe angatsegulire makinawo ndi kuwotcherera batire latsopano, ndipo mitundu yomwe inamatidwa ndi guluu m'malo momangidwa ndi timasikuluwu tasiya kuioda.