Chingwe chachiwiri mumtengo chisakhale chongokongoletsa

Ku Britain, wosadza mitengo akakwera ndi chingwe chimodzi masiku ano amayenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Lamulo la ntchito za pamwamba, la Work at Height Regulations, lilipo kuyambira 2005, koma mu 2020 bungwe la akatswiri osamalira mitengo la Arboricultural Association linatulutsa malangizo onena mosapsatira kuti wokwera azikhala pa zingwe ziwiri. Ambiri anadandaula kuti ntchito izichedwa. Imachedwadi pang'ono. Koma chodetsa nkhawa kwenikweni n'chakuti ena amakwera ndi zingwe ziwiri zomangidwa mwakuti chimodzi chikalephera, chinacho chimapita nacho.

Nkhani imayambira pokoloweka. Chingwe chilichonse chikhale ndi mphanda yakeyake, makamaka pa mathunthu osiyana. Ngati thunthu lodalirika ndi limodzi lokha, zingwe zonse zizungulire thunthulo, chilichonse ndi chomangira chake, osati kukoloweka ziwirizo pa nthambi imodzi yam'mbali. Pewani mphanda yokhala ndi bowa, mphako, mng'alu kapena khungwa lopindikira mkati. Mukaponya kachingwe kotsogolera n'kukoka chingwe chachikulu, lendewerani anthu awiri muli pansi, maso ali kunthambi. Kumbukiraninso kuti chingwe chodutsa pamphanda n'kukamangidwa patsinde chimasenzetsa mphandayo pafupifupi kawiri kulemera kwanu. Apa ndi pamene ambiri amanamizika, chifukwa nthambi imene yakhala ikuwanyamula ndi chingwe chopinda pawiri itha kuthyoka akangosintha kamangidwe.

Zingwe zikhale za muyezo wa EN 1891, zonenepa mamilimita 11 mpaka 13, ndipo zisiyane mtundu. Chofiira ndi chachikasu, mwachitsanzo. Si zamanyado ayi: mukatopa, dzanja limamasula chimene diso laona. Makarabina, tingowe tachitsulo tolumikizira chingwe ku lamba, akhale odzitseka okha, ofuna kutsegulidwa ndi mayendedwe atatu. Chogwirira chingwe chitha kukhala mfundo ya Prusik kapena Distel, kapena kachipangizo monga Petzl ZigZag, bola chigwirizane ndi kunenepa kwa chingwecho. Kumapeto kwa chingwe chilichonse mangani mfundo yotsekera kuti musapululuke nacho potsika. Palamba, zingwe ziwiri zikakumana pa mphete imodzi ndiye kuti moyo wanu wonse uli pa mpheteyo. Pezani lamba wokhala ndi pokolekera pawiri.

Tsono kukhwefuka. Chingwe chachiwiri chimaiwalika msanga, munthu n'kumakwera chinzake chikulendewera m'miyendo. Chisakhwefuke kupitirira masentimita 50, ndipo musakwere kuposa masentimita 25 pamwamba pa pokoloweka. Mukagwa pa chingwe chokhwefuka kwambiri, kugwedeza kwake kumavulaza msana ndiponso kutha kuthyola nthambi. Choncho kwerani pang'ono, kungani chinacho, kwerani, kungani. Zimatopetsa sabata yoyamba yokha.

Podula ndi pamene zingwe ziwiri zimaonetsa phindu lake. Zikachokera mbali zosiyana, zimakugwirani pakati, ndipo phazi likaterereka kunsonga kwa nthambi simukankhidwa n'kukamenyetseka kuthunthu. Onetsetsani kuti macheka a injini sangathe kufika pa zingwe zonse ulendo umodzi. Zikagundana kutsogolo kwanu, zimitsani injini, sunthani, kenako dulani.

Kupiringizana ndiye dandaulo la aliyense, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi wokwera yemwe, pozungulira thunthu mbali imodzimodzi. Bwererani njira imene munadzera. Wapansi asunge mchira wa chingwe chilichonse m'thumba lake, kutali ndi nthambi zogwa komanso makina ogaya nthambi, chifukwa makinawo akameza chingwe amakoka ndi munthu yemwe.

Pendani zingwe ndi manja tsiku lililonse musanakwere, kufunafuna pothetheka, polimba ndi popsa. Malamulo a ku Britain a zida zonyamulira, otchedwa LOLER, a 1998, amafunanso kuti zida zokwerera ziziunikidwa ndi katswiri miyezi 6 iliyonse. Ndipo pansi pakhale munthu wodziwa kukwera, zida zake zili pafupi, yemwe mwagwirizana naye kale chingwe chimene adzakutsitsireni mukavulala.