Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mbale ya Anganga

Abale ndabweranso. Pepani ndinakusiyani m'malere masabata atatu, foni inagwera mu ndowa ndikuchapa, nde yakhala kwa mnyamata wokonza mafoni pa depoti mpaka dzana. Makomenti ndawerenga onse, ngakhale aja a achimwene amene akuti nkhani yangayi ndikuchita kupeka kuti anthu andimvere chisoni azinditumizira ndalama. Achimwene, nambala yanga munaiona pati? Kuyambira gawo 1 sindinapemphepo olo 50 kwacha, ngati yakutopetsani ingodutsani mwaulemu. Inu mayi a ku Johannesburg amene munati munalira mu basi powerenga gawo 6, zikomo kwambiri, koma sungani kansalu pafupi chifukwa lero ndiye kuli ntchito.

Paja tinalekezera bambo a ana atawatengera kuchipatala usiku pa galimoto ya a landilodi.

Inali Januwale 2021. Amene mukukumbuka ndi mwezi uja Covid inalusa, nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama anamwalira tsiku limodzi, a Chakwera n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, mpaka State House ya kuno ku Zomba anaisandutsa malo ogonekako odwala. Ife ku Chinamwali tinkangomva pa wailesi n'kumati amenewo ndi matenda a anthu okwera ndege. Bambo a ana ndege ankangoionera m'mwamba, munthu wa kabaza, tsiku lonse Chinamwali, tauni, Matawale, Chikanda, kunyamula aliyense wotsokomolera pamsana pawo.

Mkati sankatilola kulowa. Ndinkafika m'mawa ndi phala mu fulasiki, masana nsima mu kontena, kupereka pa khomo kenako kukakhala pansi pa mtengo ndi amayi ena amene nawonso anali ndi odwala awo. Sitinkafunsana mayina, tinkangoti mayi a bambo a shuga, mayi a mnyamata wa ku Jali. Tsiku loyamba kontena inabwerera itadyedwa theka, ndinasangalala ngati mwana. Lachiwiri inabwerera osatsegulidwa. Lachitatu ndinaphika mpunga ndi mazira poti ndi zimene ankakonda, ndalama yake ndinachita kubwereka, ndinafika ndithu kontena ikutentha m'manja. Ndinaona nesi akutuluka, nkhope yonse yobisika, maso okha, atanyamula kajumbo kakuda. Sanalandire kontena ija. Anangoti, "Mayi, mwabwera ndi wachibale wina aliyense?"

Funso limenelo aliyense wokhala pansi pa mtengo uja ankalidziwa.

M'kajumbomo munali foni yawo, masilipasi, ndi kiyi wa njinga yamoto womangidwa kachingwe kofiira kamene ndinawamangira ndine kuti asamataye. Sindinalire nthawi yomweyo ayi, musandifunse chifukwa. Ndinakhala pansi n'kutsegula kontena ija kuyang'ana mazira aja, kumaganiza kuti nanga awa adya ndani, zoona munthu mwamuna wako wapita iwe ukuganiza za mazira. Amayi a mnyamata wa ku Jali aja ndi amene anayamba kulira m'malo mwanga, ataima patali, poti kugwirana kunali koletsedwa.

Maliro ake sindikudziwa ngati ndingawatche maliro. Bokosi silinatsegulidwe. Nkhope ya munthu amene ndinakhala naye zaka 14 sindinaione, anthu a zaumoyo ovala zoyera thupi lonse ndi amene ananyamula, kupopera mankhwala, kutsitsira m'manda, adzukulu ataima poteropo ndi makasu awo ngati alendo. Lamulo linali loti anthu asapitirire 50 koma olo 30 sanakwane. Kunalibe kugona pa siwa, kunalibe moto wa abambo panja, kwaya kunalibe. Mmene dzuwa limapendeka tinali titabwerako kumudzi kwawo, ine ndi ana tili m'nyumba ya lendi ija, zitseko za maneba zonse zotseka.

Amayi anzanga a kutchalitchi anabwera, ndisaname. Anaima ku msewu atavala mamasiki, anaimba nyimbo imodzi, mayi wina anapemphera mokweza kuti ndimve, envulopu ya chipepeso anaiika pa mwala pafupi ndi mpopi n'kubwerera. Ena mwa iwo amawerenga nkhanizi, ndikudziwa. Amayi, sindikukudani, nanunso munali ndi ana ndi amuna anu, mwina ine ndikanakhala inu olo ku msewuko sindikanafika. Koma ndinalonjeza kuti ndinena zonse mmene zinalili, ndipo mmene zinalili ndi moti mdima utagwa ndinali ndekha ndi ana atatu, wamkulu akutsokomola, jekete la bambo awo lili pa msomali kuseri kwa chitseko.

Cha m'ma 8 ndinamva kugogoda. Osati odi, kugogoda ndi phazi.

Amene munawerenga gawo 4 mukuwakumbuka Anganga a kuseri kwathu, aja mbuzi yawo inandidyera mpiru wonse ine n'kukawasumira kwa amfumu. Aja ndinawanena mawu oipa okhudza chipembedzo chawo pa mpopi anthu akumva, kuti kuitana kwa ku mzikiti m'bandakucha kumandidzutsira mwana. Zaka ziwiri tinali tisakupatsana moni. Ndi amenewo anaima pakhomo, mkeka m'khwapa, mpango atakulunga kumphuno, m'manja mbale ziwiri zovindikirana. Anangoti, "Sendera uko mwananga, nditulire pati?"

Ndinati Anganga muno muli matenda. Iwo amvekere, "Nanga kunjaku kuli chiyani?"

Inali nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Mbale ya ndiwoyo ndimaiona mpaka lero ndikatsinzina, yachitsulo, yoyera, mkombero wabuluu, yosupuka mbali imodzi mpaka kuoneka kuda. Anadyetsa ana, ine anandiumiriza mbamu zitatu ataima pamutu panga ngati msilikali wa ku Cobbe Barracks, kenako anayala mkeka wawo pafupi ndi chitseko n'kugona. Sanandilalikire, sanandiuze kuti limba mtima. Ndikamalira usiku ankangotsokomola pang'ono kuti ndidziwe kuti ali maso. Anagona m'nyumba mwanga masiku 6. Apa ndisanamizepo munthu, zimene anachitazo zinali zoopsa, pa msinkhu wawo akanatha kutenga matenda n'kutsatira, ana awo anawakalipira kwambiri ndipo sankalakwa.

M'bandakucha kukamveka kuitana kuja, komwe kuja ndinkadandaula nako, ankadzuka, kutuluka ndi kaketulo ka madzi kukasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kubwera kudzaswali pa kona. Tsiku lachitatu atamaliza anandigwedeza phewa. "Ine zanga ndatha. Iwe buku lako lija lili kuti? Chibwerereni muno sindinakuone ukupemphera."

Ndinawauza kuti ine ndi Mulungu panopa sitikuyankhulana.

"Ngati mmene unkachitira ndi ine?"

Abale ndinaseka. Tsiku lachitatu chiikireni mwamuna wanga m'manda, ndinaseka mpaka kutsamwa, kenako kusekako kunasanduka kulira. Baibulo ndinalitenga ndithu. Linatseguka lokha pamene panali kapepala ka ku msonkhano wa amayi, 1 Atesalonika 5:18, vesi yoti ndinaidula mzere ndi bolopeni ndekha masiku abwino, m'zonse yamikani. Ndinapsa mtima. Ndinati Ambuye m'zonse zake ziti, ndiyamike bokosi losatsegula? Ndiyamike ngongole ya njinga? Kale vesi imeneyi ndinkawawerengera anamfedwa ena ndili ndi mwamuna wanga kunyumba, pakamwa pali pofewa, tsiku limenelo ndinachita manyazi nazo. Ndinagwada nthawi yaitali osatulutsa mawu, maso ali pa mbale ija ili pa tebulo. Pemphero limene linatuluka linali lakuti, Ambuye zikomo chifukwa cha nyemba. Basi. Ameni sindinanene n'komwe.

Mawa lake ndinati zikomo chifukwa cha nyemba komanso mwana wasiya kutsokomola. Kwa miyezi mapemphero anga anali otero, ngati munthu akuwerenga tchenji.

Atabwerera kwawo mbale ija sinasiye kubwera. Lero therere, mawa nkhwani wotendera, tsiku lina kachigumu ka ana. Inu mukudziwa mwambo wathu, mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Koma ine ndikanaikamo chiyani? Ndinkaitsuka ndi mchenga mpaka kuwala, kumutuma mwana kuti akapereke, ine ndikubisala kuchipinda ndi manyazi. Ulendo wina ndinaikamo kamchere ka 50 kwacha. Anakabweza, eti ndisawachite chipongwe.

Za alamu anga aja, mmene anabwerera tisanamete n'komwe kudzatenga njinga ndi malata 18 amene tinkasunga kuseri kwa bedi, ndazisungira gawo lakelake chifukwa sizokamba mothamanga. Pano ndingonena kwa azimayi anzanga kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, lamulo lake lilipo kuyambira 2011, ine ndinalidziwa mochedwa. Ndipo inu amene munalemba kuti Mkhristu weniweni sakumba zakale, ndakhululuka inde, koma malata anali 18.

2021 inatha, 2022 inadutsa ndikuchapa zovala za ana a sukulu ku Chikanda.

Mpamba ndinaupeza ku banki m'khonde n'kubwerera ku geni yanga yakale ya matemba. Paja ndinakuuzani mu gawo 3 kuti chimene chinatichotsa ku Kachulu ndi kuphwa kwa nyanja ya Chilwa mu 2018, mabwato atakhala pa matope ong'aluka anthu akuyenda wapansi kupita ku Chisi. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, imangodalira mvula ndi mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, nde mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma, akuluakulu amakamba za 1968 ndi 1995. Koma madzi akabwerera nsomba nazo zimabwerera, matemba, makumba, milamba, kaya zimakhala zitabisala kuti. Ndinayamba ndi dengu limodzi, kukwera galimoto ya ku Kachulu m'mamawa fumbi lokhalokha, kudzaika milu pa msika.

Kenako Malichi 2023, Freddy. Mvula ija inagwa masiku osaona dzuwa, phiri lonse la Zomba litabisika, usiku kumangomva madzi akulindima. Ife tinapulumuka poti nyumba ya a landilodi ndi ya njerwa zootcha. Ya Anganga inali ya zidina, khoma la kuchipinda linagwa cha m'ma 2 usiku, mwamwayi iwo ndi zidzukulu anali atasamukira pa balaza. Ndinawapeza ataima pa mvula atanyamula mkeka womwe uja. Sindinakonzekere, mawu anangotuluka okha, ndinati Anganga tiyeni, mukatulire kwathu.

Anakhala miyezi iwiri. Musaganize kuti zinali za kumwamba, tinkakangana ndithu, makamaka nkhani ya mapoto, poti ena ndinaphikiramo kale nyama ija iwo sadya, mpaka ndinagula poto watsopano wawowawo. Ramadan inawapeza ali kwathu, ine ndi amene ndinkawaphikira phala la madzulo, iwo Lamulungu m'mawa n'kumandikalipira kuti ndichedwa kutchalitchi. Wina anandiuza kuti basi ngongole yatha mwabwezana. Ayi. Ine ndinawalandira mvula ikugwa, iwo analowa m'nyumba imene anthu ankaopa olo kugwira chitseko chake.

Chaka chimenecho nyanja inadzaza mpaka madzi kulowa m'midzi ya m'mbali, ena kulira ena kupha nsomba, geni yanga inayenda. Itafika nthawi ya masika kutchalitchi, anzanga akubwera ndi matumba a chimanga, nkhuku, maungu, nzimbe, ine munda ndilibe, ndinati ndipereka chimene ndili nacho. Ndinasankha matemba abwino okhaokha, osathetheka, n'kuwathira mu mbale ya Anganga ija poti inali idakali kwathu. Kwa nthawi yoyamba mbale imeneyo inatuluka m'nyumba mwanga yodzaza.

Atapereka mpata wa maumboni ndinaimirira, miyendo ikunjenjemera. Ndinanena za nyemba zija. Ndinati ndikuyamika Mulungu amene ananditumizira mayi wachisilamu pamene ndinali ndekha, amenenso anandiphunzitsa kugwada kachiwiri. Tchalitchi chinangoti zii. Ena anaombera m'manja, ena ndinawaona akugwirana zigongono, ndipo mawu anandipeza mkati mwa sabata, eti ndinachititsa manyazi mpingo, eti zoterozo sizonenera kutsogolo. Mayi amene munayambitsa zimenezo, ndikudziwa mumawerenga mwakachetechete osalemba komenti. Ine sindinanyoze munthu, ndinangonena amene anagogoda. Mukanagogoda inu ndikanatchula inu. Mkulu wa mpingo wina wachikulire yekha ndi amene anandipeza panja n'kundigwira dzanja, amvekere mayi mwalalikira kuposa ife.

Tsono tamverani zimene zinachitika. Zopereka za masika paja zina amazigulitsa pambuyo pa mapemphero kuti ndalama ilowe mu thumba la mpingo. Ine ndili kalikiliki kupatsana moni ndi anthu panja, matemba anga anagulidwa, ndi mbale yomwe. Ndinafunsa kwa madikoni, ndinafunsa ku mlaga, analengeza mpaka kawiri, palibe anabwera nayo. Ndinakagula ina yatsopano mu tauni, yokongola ya maluwa, kukapereka ndi manja awiri nditagwada. Anganga anaitembenuza uku ndi uku n'kuti iyi si yanga, yanga ija ndinabwera nayo kuchokera ku Malindi ndili mtsikana, Akhristu inu mwandidyera mbale.

Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pawo ndi dengu langa moni wake ndi ameneyo, mwananga mbale yanga ija. Nde ngati alipo wa kuno ku Zomba amene anagula matemba pa masika a 2023 n'kupeza ali ndi mbale yoyera ya mkombero wabuluu yosupuka mbali imodzi, chonde ndilembereni ku inbox, matembawo sindikufunsa. Gawo 8 ndi la alamu ndi malata.