Maola amene tikiti sinena: kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku Joni

Mchemwali wanga atachira ku Johannesburg, ntchito yoperekeza amayi kukaona mdzukulu inagwera ine. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga tigona kangati panjira?" Iwo ankadziwa za basi: Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, kenako chimzere cha pa Beitbridge. Ndinawauza kuti pa ndege phala tidyera kuno, nsima yamasana tikadyera konko. Ndinafulumira kulonjeza.

Mumlengalenga, mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndiye masamu anga anati maola awiri sakwana. Koma nthawi ya pa tikiti amaiwerenga kuyambira pamene ndege yasuntha poimikapo mpaka pamene yaima kwinako, ndipo pokwera ndi potsika siithamanga liwiro lake lonse. Yosaima paliponse imatenga maola awiri ndi theka, mwina kuchepera pang'ono.

Pogula tikiti m'pamene ndinakhalitsa. Maulendo ena amayamba atera ku Chileka, ena amakutengani kumpoto, ku Nairobi kapena Addis Ababa, musanabwererenso kumwera. Ine ndinkangoona nthawi yonyamukira ndi yofikira, n'kuchotsera. Izi zimatheka chifukwa wotchi ya Malawi ndi ya South Africa n'chimodzimodzi. Nairobi ndi Addis zili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo ambiri amasokonezekera pamenepo. Kwa munthu wamkulu wa miyendo yotupatupa, ndinasankha yolunjika ngakhale mtengo unandiwawa.

Tsikulo tinafika pa bwalo la Kamuzu kutatsala maola atatu. Tinayezetsa zikwama, anatipatsa timapepala tokwerera, n'kudinditsa mapasipoti. Pochita chipikisheni panabuka nkhani ya thobwa: chakumwa choposa mamililita 100 sichidutsa m'chikwama cham'manja.

"Amayi, mwina mungosiya," ndinatero.

"Ndisiye thobwa lophika ndekha? Gwira kapu iwe."

Tinamwa lonse tili chiimire.

Za m'mwambamo ndilibe zambiri. Amayi anagwira mkono wanga ponyamuka, kenako anagona.

Ku O.R. Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, ndiko kunapita nthawi ina. Bwalolo ndi lalikulu, mumayenda ndithu musanafike kwa a zolowa ndi kutuluka. Amalawi amaloledwa kukhala masiku 30 opanda viza, koma khalani ndi tikiti yobwerera ndi adiresi ya kumene mukukafikira. Ine ndinazilemba papepala kuopa kuti foni ingathe moto. Kenako kudikira zikwama, kenako misewu ya Joni.

Titakhala pansi kwa mchemwali ndinawerenga: kuchokera pakhomo pathu kukafika pakhomo pawo, maola asanu ndi atatu. Nsima tinadya yamadzulo. Amayi, mdzukulu ali pamiyendo, anauza alamu kuti ndege ndi yabwino, koma vuto lake simuimika kuti munthu agule nthochi.